Mashopu ndi holo zibwera liti m'dera lathu latsopanoli?

FUNSO: Tinagula nyumba m'dera latsopano lomwe likumangidwa motsatira pulani. Pa mapu omwe anationetsa panali mashopu, holo ndi bwalo lamasewera, koma mpaka lero pamalopo pangomera udzu. Omangawo akuti tidikire anthu achuluke kaye. Kodi sakutipusitsa? — Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, pa za mashopu akunena zoona ndithu. Wamalonda amatsata kumene kuli anthu. Mukamanga mzere wa mashopu khumi nyumba zokhalamo anthu zikadali zochepa, ambiri amangokhala otseka, ndipo ogula akaona zitseko zokhomakhoma amasiya n'kubwera komwe. Ku Stevenage, tawuni yoyamba mwa matawuni atsopano omwe dziko la Britain linakhazikitsa kuyambira mu 1946, malo amalonda a pakati pa tawuniyo anadzawatsegulira mu 1959. Poyambira pamakwana shopu imodzi ya zofunika za tsiku ndi tsiku, ina n'kumaonjezera anthu akamachuluka.

Koma pa za holo ndi bwalo, ine sindigwirizana nawo. Malo okumanirana sadikira phindu, ndipo amene amawasowa kwambiri ndi inu oyamba kulowanu: simudziwana, ana akusewerera mumsewu momwe mukudutsa malole a njerwa, ngakhale msonkhano wokambirana za zinyalala mulibe pochitira. Sipafunika holo yaikulu ya pa chithunzi ija ayi. Chipinda chimodzi cha mabenchi, magetsi ndi chimbudzi, kiyi wake akusunga a komiti, chingagwire ntchito zaka zingapo. Bwalo ndiye n'kungosalaza basi.

Onaninso pomwe aika mashopuwo. Katswiri wina wa mapulani a ku America, Clarence Perry, analemba mu 1929 kuti sukulu ndi malo a anthu onse zikhale pakati pa dera, mashopu akhale m'mphepete, pa mphambano za misewu ikuluikulu. Pamenepo shopu imagulitsanso kwa odutsa, ndiye siyembekezera kuti deralo lidzaze.

Mawu oti "anthu akachuluka" musawalandire, alibe mutu. Pitani ngati gulu, mupemphe kuti akulembereni kuti holo idzamangidwa nyumba zingati zikalowedwa, ndipo adzaisamalira ndani. Ku ofesi ya mapulani ya khonsolo kafunseni pulani yovomerezeka, muone ngati malo a udzuwo akadali olembedwa kuti ndi a anthu onse. Malo otere akakhalitsa opanda kanthu, ena amayamba kuwaona ngati mapuloti ogulitsa, ndipo akangodulidwa kuwabweza n'kovuta.