Kodi kuwala kwa laser kungalumikize msanga fupa lothyoka?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wazaka 19 anathyoka msongolo posewera mpira kuno ku Mufakose, ndipo watha masabata atatu ali m'chikhakha. Mnansi wanga wandiuza za malo ena m'tauni kumene amaunika pamalo pothyokapo ndi kachipangizo ka laser, ndipo akuti asayansi atayesa zimenezi pa nyama, mafupa analumikizana msanga. Mtengo wake ndi madola ochuluka ndithu. Kodi ndilipire?
Bambo wa ku Mufakose, Harare

YANKHO: Bambo, anansi anu sananame kuti njirayi inayesedwa pa nyama, koma akufotokozerani theka chabe la nkhaniyi.

Zonsezi zinayambira ku Budapest, m'dziko la Hungary, m'chaka cha 1967, pamene dokotala wina, Endre Mester, anaona kuti ubweya wa mbewa zimene anazimeta n'kuziunika ndi laser yamphamvu zochepa unamera msanga kuposa wa zinzake. Kuwala kwake si kuja kocheka kapena kotentha. Ndi kofiira, kapena kwa infrared kumene maso sakuona, ndipo asayansi ambiri amaganiza kuti kukafika pa mitochondria, tizigawo timene timapanga mphamvu m'maselo, kumalimbikitsa maselo omanga fupa kugwira ntchito mwachangu.

Poyesa, ofufuza amagoneka khoswe kapena kalulu ndi mankhwala, kenako amaboola kapena kudula fupa la mwendo mosamala, n'kumaunika pamalopo kwa masiku angapo. Kawirikawiri aona kuti m'masabata oyambirira, fupa latsopano lozungulira pothyokapo limapangika mofulumirirapo ndipo kutupa kumachepa. Koma akadikira mpaka mapeto n'kuyesa kulimba kwa fupalo polipinda ndi makina, ena apeza kusiyana pamene ena sanakupeze, mwa zina chifukwa aliyense amagwiritsa ntchito mtundu wake wa kuwala ndi muyeso wake. Muyesowo ndi wovuta: ukachepa palibe chimene chimachitika, ndipo ukapyola, phindu lija limatha.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kukula kwa mwendo. Fupa la khoswe ndi lochepa ngati kamtengo, lili pafupi ndi khungu, ndipo limapola lokha m'masabata ochepa, pamene msongolo wa mnyamata wamkulu ndi wochindikala, uli ndi mnofu wambiri kumbuyo ndi m'mbali, ndipo umatenga miyezi itatu kapena kuposa kuti ulimbe. Mphamvu ya kuwala imachepa kwambiri ikangolowa pang'ono m'thupi. Ndiponso, ndifunse, adzaunika bwanji mwendo umene uli m'chikhakha? Ngati yankho lawo ndi kuchotsa kapena kuboola chikhakhacho popanda dokotala wa mafupa, musavomere, chifukwa fupa likasuntha nthawi imeneyi lingalumikizane mokhota kapena osalumikizana n'komwe.

Ine ndikanakhala inu, madola amenewo ndikanawasungira X-ray yotsatira, ulendo wokaonana ndi dokotala pa tsiku limene anakupatsani, ndi chakudya monga matemba, mkaka, mazira ndi nyemba. Ngati mnyamatayo amasuta fodya, asiye, popeza n'zodziwika bwino kuti kusuta kumachedwetsa fupa kulumikizana. Zala zake zakuphazi zikatupa, zikazizira kapena kuchita dzanzi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.