Nyerere zofiira zomata masamba a mango si linthumbu

Achimwene, mwafunsa ngati nyerere zofiira zimene zamata masamba mu mtengo wa mango kwanu ku Area 25 zili linthumbu, komanso ngati muzithire mankhwala. Si linthumbu ayi. Linthumbu, limene akatswiri amalitcha Dorylus, limakhala pansi ndipo limasamukasamuka. Zanuzo akatswiri amazitcha Oecophylla longinoda. Mitundu ya Oecophylla yodziwika bwino lero ndi iwiri: uwu wa kuno ku Africa, ndi Oecophylla smaragdina wa ku Asia ndi Australia.

Kamangidwe ka chisa chake nkochititsa chidwi. Zina zimandanda m'mphepete mwa tsamba nkukokera linzake pafupi, ndipo likatalikira zimagwirana m'chiuno mpaka kulifikira. Kenako zina zimabwera zitanyamula timphutsi tawo kukamwa nkumatiyendetsa uku ndi uku, timphutsito tikutulutsa ulusi woyera umene umamata masambawo. Zikuluzikulu sizitulutsa ulusi. Banja limodzi limakhala ndi zisa zambiri, ngakhale m'mitengo ingapo, choncho kugwetsa chimodzi nkungodzivutitsa.

Mbola zilibe. Zimaluma nkupoperapo asidi, nchifukwa chake pamanyereza chonchija.

Ine mankhwalawo sindingathire. Nyererezi zimagwira mbozi ndi kuthamangitsa ntchentche zoboola mango, moti ku China alimi a malalanje anayamba kuweta zinzake za kumeneko zaka zoposa 1,600 zapitazo. Vuto lake nlakuti zimasamala tizilombo toyamwa madzi a mtengo pofuna timadzi totsekemera timene timatulutsa. Mango muzitchola ndi mtengo wautali, osakwera.