Buku la Tomi Adeyemi silinakukomereni? Si kukalamba ayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa kusekondale. Dzina ndalisunga. Mnzawo wa ku Johannesburg anawatumizira buku la Tomi Adeyemi lotchedwa Children of Blood and Bone, atamva kuti ndi nkhani ya matsenga yozikika m'miyambo ya ku Africa kuno. Analiwerenga lonse, masamba oposa 500, koma pomaliza anangoti kakasi. Funso lawo ndi ili: "Aliyense akulitama, ine sindinamvemo kukoma. Kodi ndakalamba, kapena pali chimene chinandiphonya? Nanga ndigule lachiwiri?"

Achemwali, simunakalambe. Bukuli analiphikira anthu ena, inu munangoitanidwa mbale zitaikidwa kale.

Tiyambe ndi mlembi. Adeyemi anabadwira ku America mu 1993, makolo ake ndi Ayoruba a ku Nigeria. Anaphunzira ku yunivesite ya Harvard, ndipo mwiniwake amanena kuti milungu ya Chiyoruba, imene amaitcha orisha, anakumana nayo pa zithunzi ali ku Salvador, ku Brazil, kumene anapita atamaliza maphunziro. Sindikunena izi pomuchepsa. Mwana wobadwira kutali ali ndi ufulu wofunafuna kwawo. Koma zikutanthauza kuti iye anafika pa miyamboyi ngati munthu wodabwa ndi chuma chimene sanakule nacho, ndipo analembera anzake amene nawonso sanakule nacho.

Tsegulaninso kumapeto kwa bukulo, pamene mlembi akulankhula yekha. Akunena poyera kuti analemba ali ndi chisoni chifukwa cha anthu akuda opanda zida amene apolisi amawaombera ku America, ndipo mmodzi mwa amene akuwatchula ndi Tamir Rice, mnyamata wa zaka 12 amene anaphedwa ku Cleveland mu 2014. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'bukuli, asilikali a mfumu Saran akamatukwana anthu a tsitsi loyera, omwe ndi a mtundu wa amatsenga, kuti ndi mphutsi, akamawalipiritsa misonkho yosatheka, Zélie, mtsikana amene ndi mwininkhani, akamakumbukira mmene asilikaliwo anaphera mayi ake iye akuona, wachinyamata wakuda wa ku Chicago amazindikira msewu wa kwawo. N'chifukwa chake bukuli litangotuluka mu Marichi 2018 linafikira pamwamba pa mndandanda wa New York Times wa mabuku a achinyamata ogulidwa kwambiri. Dziko la m'bukuli, la Orïsha, lili ndi mizinda yotchedwa Lagos, Ilorin ndi Ibadan, koma bala limene likupwetekalo ndi la ku America.

Tsono inu munalitsegula mukuyembekezera china. Ndikuganiza kuti munkafuna chija chimene chinkatigwira tili ana, agogo akati "Padangotero", ife n'kuyankha kuti "Tili tonse", kunja kuli mdima woti sungapite wekha kuseri kwa nyumba. M'nthano zathu mphamvu zosaoneka sizikhala chida cha m'manja. Zimabwera ndi zoletsa: usatsegule chikwatu ichi, usacheuke, usatchule dzina. Munthu akaphwanya, amalipira, ndipo nthawi zina amalipira mudzi wonse. Ganizani za Napolo, amene akamatsika m'phiri la Zomba sasankha kuti uyu ndi wabwino, uyu ndi woipa. Mantha amenewo m'buku la Adeyemi mulibe. Matsenga ake anagawidwa bwinobwino m'mafuko khumi, awa a moto, awa a madzi, awa a mizimu ya akufa, ndipo amagwira ntchito pankhondo ngati mfuti. Mlembi sabisa kuti katuni ya Avatar: The Last Airbender inamulimbikitsa, ndipo zikuoneka. Kwa mwana wokulira pa katuni imeneyo n'zokoma. Kwa munthu amene anamvapo ng'oma za kudambwe usiku, zimaoneka zopepuka.

Komabe ndisakunamizeni kuti vuto lonse ndi la chiyembekezo chanu. Bukuli lili ndi zofooka zake. Nkhani imasimbidwa ndi anthu atatu mosinthana, Zélie, Amari ndi Inan, koma mutabisa dzina la pamwamba pa mutu, nthawi zambiri simungadziwe amene akulankhula, poti onse amapuma mofanana ndi kulira mofanana. Ulendo wawo nawo ndi wodziwika kale: pezani zinthu zitatu zopatulika, fikani pachilumba tsiku lisanakwane, adani ali m'mbuyo. Ndiye pali Inan, mwana wa mfumu Saran. Mnyamata ameneyu amasintha maganizo ngati mphepo ya Ogasiti. Lero akufuna kupha Zélie, mawa akumukonda, mkuja wabwerera kwa bambo ake. Ndipo Zélie, mtsikana amene mudzi wake unapsa chifukwa cha asilikali a mnyamata yemweyu, akugwa naye m'chikondi pa masiku owerengeka. Ine pamenepo ndinatseka buku n'kukathira tiyi. Chikondi cha adani chimagulitsa kwambiri mabuku a achinyamata ku America, n'zoona, koma apa sanachipatse nthawi yoti chimere.

Mapeto munawaona nokha. Nkhani siitha, imangodulidwa, chifukwa inakonzedwa kuti ikhale mabuku atatu. Lachiwiri, Children of Virtue and Vengeance, linatuluka mu Disembala 2019, ndipo lachitatu anthu analidikira mpaka 2024.

Zilipo zimene ndimazikonda. Mutu woyamba uja, Mama Agba akuphunzitsa atsikana kumenya nkhondo ndi ndodo, asilikali akangotulukira onse n'kusanduka osoka zovala, ndi wolembedwa mwaluso. Amari nayenso, mwana wa mfumu wamantha uja amene amalimba mtima pang'onopang'ono, ndi amene ndinamutsatira mpaka kumapeto.

Lachiwiri musagule. Ngati Inan anakutopetsani, akudikirani komweko. Mukalipeza kwa mnzanu bwerekani, koma ndalama zanu zisapite kumeneko, mabuku oitanitsa kunja ndi odula.

M'malo mwake funani Akata Witch la Nnedi Okorafor, la mu 2011. Nayenso anabadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria, koma nkhani yake imachitika mu Nigeria weniweni, wa misika, fumbi ndi magetsi othimathima. Mtsikana wake, Sunny, ndi wachialubino, ndipo matsenga a m'menemo ali ndi mtengo wake komanso chilango kwa ophwanya mwambo. Ku Nigeria analisindikiza ndi mutu wina, What Sunny Saw in the Flames, chifukwa mawu akuti akata ndi onyoza kumeneko. Popeza ndinu aphunzitsi, liwerengeni kaye nokha musanalipereke kwa ana, chifukwa nkhani yophatikiza alubino ndi matsenga kwathu kuno yapweteketsa anthu, ndipo ifunika kukambirana nawo.

Buku lanulo musalisiye litute fumbi. Lipatseni mtsikana wa Fomu 2 kapena 3 amene amakonda kuwerenga, osamuuza maganizo anu. Akalibweza mumufunse za Inan, kenako mundilembere zimene wayankha.