Kodi Betway ndiyo imakonza zotsatira za mpira?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Cosmo City. Amuna awo amagwira ntchito ya m'dimba ku Randburg, ndipo Lachisanu lililonse akangolandira malipiro amayamba agula vawucha pa spaza n'kubetcha mpira pa foni. Miyezi iwiri tsopano ndalama ya kumudzi ku Mangochi sinapite. Mayiwa akadandaula, bambo amati kampani yake ndi yodalirika chifukwa ndi yomwe ikuyendetsa ligi ya kuno. Tikiti ikafa, bambo omwewo amati makampaniwa amagula masewero. Funso la mayiwa n'lakuti: mwa ziwirizi, zoona n'ziti?

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'nyumba mwanu. Tiyambe ndi zimene bambo akunena zoona. Kuyambira 2024 ligi yaikulu ya South Africa ikutchedwa Betway Premiership. Akale tikukumbukira kuti inali Castle, kenako Absa kuyambira 2007, kenako DStv mu 2020. Mowa, banki, kanema, lero kubetcha. Mgwirizano wa Betway ndi wa zaka zitatu ndipo nyuzi zinati ndi wa ndalama pafupifupi R900 miliyoni. Kampani yake si ya kuseri kwa nyumba ayi: mwini wake ndi Super Group, yomwe masheya ake amagulitsidwa ku New York. Dzina lomweli linakhala pachifuwa pa jezi ya West Ham ku London kuyambira 2015 mpaka 2025. Hollywoodbets ya ku Durban nayo inatenga ligi ya mpira wa amayi kuno, dzina lake lili pa bwalo la Kings Park, ndipo inafika mpaka pa jezi ya Brentford. Choncho ngati bambo akutanthauza kuti akawina adzalipidwa, makampani okhala ndi chiphaso amalipiradi.

Koma kuika dzina pa ligi si kuyendetsa ligi. Ligi imayendetsedwa ndi bungwe la Premier Soccer League (PSL), ndipo Betway inagula malo oti dzina lake lizitchulidwa paliponse pamene Chiefs ndi Pirates zatchulidwa. Ndiye dzifunseni, mayi, R900 miliyoniyo ikuchokera m'thumba mwa yani. Kampani yobetchetsa ilibe munda, ilibe fakitale. Ndalama imene imapereka ku mpira ndi imene yatsala itatha kulipira owina. Bungwe la National Gambling Board linati m'chaka cha 2023/24 anthu m'dziko muno anabetcha ndalama zoposa R1.1 thililiyoni pa juga ya mitundu yonse, ndipo makampani anatsala ndi R59 biliyoni. Muli ndalama ya ku Mangochi mmenemo.

Nanga zogula masewero? Apa ndi pamene ndimasemphana ndi anzanga pometetsa ku Mayfair, chifukwa aliyense amene timu imodzi yamuphera tikiti pa mphindi ya 90 amalumbira kuti woyimbira anapatsidwa kangachepe. Kugula masewero kulipo, sindikukana. Kunachitika konkuno Bafana ikukonzekera World Cup ya 2010. FIFA inapeza kuti masewero ena opimana mphamvu, kuphatikizapo omwe inagonjetsa Guatemala 5-0, analowereredwa ndi gulu la Wilson Raj Perumal wa ku Singapore, lomwe linkabweretsa oyimbira ake. Koma onani bwino amene ankaberedwa. Magulu oterewa amakonza zotsatira kuti akadye ndalama za makampani obetchetsa. Kwa kampani, masewero ogulidwa ndi mbava yolowera pa zenera.

Kampani ilibe chifukwa chogulira woyimbira, poti inawina kale mpira usanayambe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Matimu awiri ofanana mphamvu, palibe wodziwa apambane ndani. Mwachilungamo, woika R100 akawina amayenera kulandira R200. Kampani imaika ma odds a 1.90 mbali zonse ziwiri. Bambo aika R100 pa timu iyi, mnzawo aika R100 pa inayo. Kampani yatolera R200, yapereka R190 kwa wowina, yasunga R10. Ipambane iyi kapena iyo, R10 ija sigwedezeka. Chulukitsani ndi anthu mamiliyoni, Loweruka lililonse, ligi zonse za dziko lapansi.

R10 pa R200 ikuoneka yochepa, ndipo n'chifukwa chake kawirikawiri simuona chikwangwani cholimbikitsa kubetcha timu imodzi. Chomwe amakometsera ndi tikiti yaitali ija, matimu 10 kapena 15, yomwe imalonjeza R20,000 pa R20. Ndikhulupirira bambo amasewera imeneyi, chifukwa ife a ku Joni tonse ndi imeneyi. Pa timu iliyonse yomwe mwaonjezera, kampani imadulanso gawo lake. Ngati ikudula 5 peresenti pa sewero lililonse, pofika matimu 10 yadula pafupifupi 40 peresenti. Kutanthauza kuti pa R100 iliyonse yolowa m'matikiti otere, yobwerera kwa obetcha onse pamodzi ndi R60 yokha.

Bambo anena kuti iwo amasankha matimu oti sangagwe, Sundowns pakhomo, Real Madrid, Bayern. Chabwino. Tinene kuti timu iliyonse ili ndi mwayi wopambana ka 7 pa masewero 10, womwe ndi mwayi waukulu kwambiri mu mpira. Kuti onse 10 apambane tsiku limodzi zimachitika kamodzi pa matikiti 35. Ndipo pafupifupi kamodzi pa matikiti atatu, zimene zimachitika n'zakuti 8 kapena 9 apambana, imodzi kapena ziwiri zalepherana zigoli ndi timatimu tosadziwika. Munthu amatsala akuti ndinatsala pang'ono. Sanatsale pang'ono, tikiti yaitali imafa choncho mwachibadwa, ndipo kuwawa kwa timu imodziko n'komwe kumamubwezera ku spaza Lachisanu linalo.

Ine ndinadutsamo. Chaka chomwe Gabadinho Mhango ankamwetsa zigoli ku Orlando Pirates, 2019/20, pamene anathera pa 16 mofanana ndi Peter Shalulile, ndinkaika kandalama pa iye sabata iliyonse. Poyamba kanali kunyadira mwana wa kwathu. Pofika kumapeto ndinkaonera ligi ya ku Belarus usiku, matimu omwe sindingathe ngakhale kutchula maina, chifukwa nthawi ya Covid ku Ulaya ndi okhawo ankasewera. Tsiku lina ndinakhala pansi n'kuwerenga zonse zomwe ndinalowetsa ndi zomwe ndinatulutsa. Sindikuuzani chiwerengero, koma malata a nyumba ya amayi anachedwa chaka chathunthu.

Apa ndiye phindu la kuika dzina pa ligi limaonekera. Munthu yemwe sangaponde mu kasino, yemwe amadziwa kuti juga ndi juga, amaona kubetcha mpira ngati mbali ya kusapota timu. Amati sindikutchova juga, ndikugwiritsa ntchito zomwe ndikudziwa za mpira. Odziwa mpira kuposa tonsefe nawo anakodwa. Ivan Toney analetsedwa kusewera miyezi 8 mu 2023 chifukwa chophwanya malamulo a kubetcha ka 232, ndipo pa nthawi ya chiletsocho jezi ya timu yake, Brentford, inali yolembedwa Hollywoodbets pachifuwa. Sandro Tonali wa Newcastle anadya miyezi 10 chaka chomwecho. Mu April 2023 matimu a ligi yaikulu ya ku England anagwirizana zochotsa maina a makampani obetchetsa kutsogolo kwa jezi ikatha sizoni ya 2025/26. Chaka chotsatira, ligi ya kuno inapereka dzina lake lonse.

Pali chinanso chokhudza ife obwera. Kuti akaunti ikulipireni, malamulo a FICA, oletsa kuzembetsa ndalama zachinyengo, amafuna chiphaso kapena pasipoti, ndipo ndalama imatuluka m'dzina la mwini akaunti. Abale athu ambiri omwe mapepala awo sali bwino amabetchera pa akaunti ya mnzawo. Ikafa tikiti, yafa ya inu. Ikawina, mwalamulo ndi ya mnzanuyo. Afunseni bambo kuti akaunti ili m'dzina la yani.

Tsono mutani? Musayambe ndi kuwatcha otchova juga, adzangobisa foni. Komanso mkangano wa ngati Betway ndi yodalirika musaulowe, muluza, chifukwa pamenepo ali ndi mfundo. Apempheni chinthu chimodzi: mutsegule limodzi mbiri ya akaunti, pomwe pamaonetsa ndalama zolowa ndi zotuluka, muwerenge za miyezi itatu. Munthu amakumbukira R1,500 yomwe anawina mu June, saona ma R50 omwe anapita tsiku ndi tsiku. Akaona chiwerengero ndi maso awo, mugwirizane kuti Lachisanu lendi ndi ya Mukuru zizipita kaye asanafike pa spaza. Ngati akana kukuonetsani, kapena ayamba kutenga katapila kuti abweze zomwe aluza, nkhaniyo yakula kuposa inu nokha. Itanani ankhoswe, ngakhale pa foni kuchokera kumudzi, kapena mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti yemwe bambo amamumvera.

Makampani okhala ndi chiphaso ali ndi njira yoti munthu adzitsekere yekha akaunti, ndipo Gauteng Gambling Board imalandira mapempho otere. South African Responsible Gambling Foundation imapereka uphungu waulere kwa wobetcha komanso kwa a pabanja pake, pa 0800 006 008. Mutha kuimba inuyo poyamba, bambo asanavomere n'komwe.