Mafani akulira, magetsi a RGB sakusintha mtundu: yambani mwaona mawaya

Achimwene, mwati mwagula mafani atatu a kompyuta a 120mm okhala ndi magetsi a RGB (osintha mitundu), mwamangirira, koma akulira ngati chigayo ndipo magetsiwo akukana kusintha mtundu. Musanalumikize china chilichonse, zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, mutenge tochi tione mawayawo.

Fani yotereyi imabwera ndi mawaya awiri. Wina ndi woyendetsa mota, winayo ndi wa magetsi owalawo. Ndiyamba ndi wa magetsiyu chifukwa apa ndi pamene anthu amaotchera katundu. Pali RGB ya 12V, ya mapini 4 ondondozana, ndiye pali ARGB ya 5V, ya mapini 3: awiri pamodzi, kampata, kenako imodzi. Vuto lake, mapulagi ena a 5V amalowa ndithu pa header (mapini olumikizirapo a pa motherboard, bolodi lalikulu la kompyuta) ya 12V. Zinandichitikirapo ndikumanga yanga yoyamba. Magetsi anangothwanima kamodzi, kenako kafungo ka pulasitiki yopserera, basi anathera pompo. Mpaka lero sindilumikiza ndisanawerenge timalemba ta pa motherboard pafupi ndi mapiniwo. Pa motherboard za kampani ya MSI, JRAINBOW ndi ya 5V, JRGB ndi ya 12V. Pa za Gigabyte, D_LED ndi ya 5V, LED_C ndi ya 12V. Papulagi pamakhala kamuvi, kaloze pini yolembedwa 5V kapena 12V. Mukalumikiza bwino, mitundu mumasinthira mu pulogalamu ya Mystic Light, RGB Fusion kapena Armoury Crate, kutengera motherboard yanu. Ngati ilibe header ya 5V, chonde musakakamize. Gulani kabokosi koyendetsa ARGB kotenga moto pa waya wa SATA wochokera ku power supply (bokosi logawa moto mu kompyuta), kena kamabwera ndi rimoti.

Tsopano phokosolo. Ndikuganiza kuti mwalumikiza mafaniwo ku power supply ndi pulagi yaikulu ija ya Molex. Kumeneko fani imalandira 12V yonse nthawi zonse, palibe choiuza kuti ichepetse liwiro. Aikeni pa header yolembedwa SYS_FAN kapena CHA_FAN, CPU_FAN muisiyire fani ya purosesa. Kenako werengani mabowo a pulagi. Akakhala 4 ndi PWM, imene motherboard imaiuza liwiro kudzera pa pini yachinayiyo; akakhala 3 ndi DC, imene liwiro lake limatsika pochepetsa mphamvu ya moto. Lowani mu BIOS (pamene mumasinthira zoikika za motherboard) podina Delete kapena F2 kompyuta ikamayaka, muike header iliyonse pa mtundu wake. Fani ya mapini 3 ikakhala pa header yoikidwa pa PWM, imathamanga liwiro lonse ngakhale musinthe chiyani. Ine ndimaika liwiro cha pa 35% mpaka kutentha kufike madigiri 50, kenako kumakwera pang'onopang'ono mpaka 100% cha pa 80. Mukaikweza mwadzidzidzi, mafani azingodzuka ndi kugona mukangotsegula pulogalamu, ndipo zimenezo zimasowetsa mtendere kuposa phokoso lokhazikika.

Ma header akachepa, splitter (waya wolumikiza mafani angapo pa header imodzi) imathandiza, koma header zambiri zimapirira moto wa 1A yokha. Wonkhetsani manambala a A olembedwa pa sitika ya fani iliyonse, zikapyola pamenepo gulani hub, kabokosi kogawira mafani moto.

Chinanso chimene simunafunse koma ndichofunika: onani kumene mpweya ukulowera. Mbali yokhala ndi timitanda togwira mota ndi kumene mpweya umatulukira. Akutsogolo azikoka mpweya, wakumbuyo azitulutsa. Sendezani kapepala ka tishu kutsogolo, kakakokedwa ndiye kuti zili bwino. Kwathu kuno ndi fumbi la mu Okutobala, ndimakonda kuti olowetsa achuluke kuposa otulutsa, kuti mpweya uzidutsa pa sefa m'malo molowera m'ming'alu. Kompyutayo muichotse pansi, ikhale patebulo, sefayo muziikuntha mwezi uliwonse.

Jambulani mapulagi onse awiri ndi dzina la motherboard, muike pano musanayatse, ndikuuzani pamene aliyense akulowa.