Kodi "table" ndi tebulo basi? Yankho kwa mayi amene imelo yawo inasokoneza aku America

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene ndi mlembi wa komiti pa kabungwe kena ka zaumoyo. Bungwe lawo limathandizidwa ndi anzawo a ku America, ndiye aku America aja atatumiza maganizo a pulojekiti yatsopano, mayiwa anayankha kuti "we will table your proposal at our next meeting". Yankho linabwera lodandaula, eti bwanji mwaganiza zoisiya nkhaniyi musanaione n'komwe? Mnzawo wa mu ofesi ndiye anawauza kuti vuto ndi loti table ndi noun (dzina), ndi tebulo basi, sungaisandutse verb (mneni). Funso lawo ndi lakuti: kodi ndinalakwitsa Chingerezi, nanga liwu limodzi lingakhale bwanji dzina komanso mneni?

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo mtima ukhale m'malo, simunalakwitse. Anzanuwo aona kuti penapake pavuta koma aloza malo olakwika.

Tsegulani nyuzipepala ya Chingerezi ina iliyonse nthawi ya bajeti, muona akulemba kuti nduna ya zachuma "tabled the budget" ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, ndipo palibe mkonzi amene amafufuta. Tanthauzo lake ndi kubweretsa nkhani pamaso pa aphungu kuti aikambirane. Nyumba yathu inatengera kachitidwe ka Nyumba ya Malamulo ya Britain ya ku Westminster ku London, kumene pakati pa mbali ya boma ndi mbali yotsutsa pali tebulo lalikulu lomwe alembi a nyumbayo amakhalapo, ndipo chikalata chikaikidwa pamenepo ndiye kuti chafika m'manja mwa nyumba yonse. Inuyo munagwiritsa ntchito liwuli chimodzimodzi, mmene aliyense wophunzira kuno, ku Zambia kaya ku Britain komweko angamvere.

Pamene pavuta ndi poti aku America liwu lomweli analitengera kwina. Kwa iwo kuika nkhani patebulo ndi kuisiya pompo, ikhale kaye, mwinanso osadzaibwereranso. Ku Congress, nyumba yawo ya malamulo, phungu akapempha "motion to table" kwenikweni akufuna nkhaniyo ife osakambirana n'komwe. Ndiye taganizani, iwo atumiza maganizo awo ndi chiyembekezo, inu mukuti tikambirana pa msonkhano ukubwerawu, iwo akumva kuti pa msonkhano ukubwerawu tiziika pambali. Canada ili pafupi nawo pomwepo koma pa liwu ili imatsatira Britain, ndiye si nkhani ya mtunda ayi. Ndipo sinu oyamba, Winston Churchill, amene anali nduna yaikulu ya Britain, analemba kuti nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse akuluakulu a asilikali a Britain ndi America anakangana ndithu pa liwu lomweli, a Britain akufuna "table" chikalata chifukwa chinali chofunika changu, aku America akukana poganiza kuti anzawowo akufuna kuchitsekera mu dilowa, mpaka anadzazindikira kuti onse akufuna chinthu chimodzi.

Tsopano ku funso lenileni lija, loti liwu limodzi likhala bwanji pawiri. Ine ndimaona kuti ife olankhula Chichewa zimativuta chifukwa chilankhulo chathu sichichita zimenezi. Kwathu liwu limaoneka lokha kuti ndi la mtundu wanji. Kulima ndi mneni, mlimi ndi ulimi ndi maina, kuimba ndi nyimbo sungazisokoneze ngakhale uli mtulo. Ngakhale mawu amene tinabwereka ku Chingerezi komweko tinawagawa pawiri osazindikira: iwo ali ndi vote mmodzi, ife tili ndi voti komanso kuvota, iwo paint, ife penti ndi kupenta, iwo lock, ife loko ndi kuloka. Mneni wathu amafuna ku- kumayambiriro ndi -a kumapeto, apo ayi pakamwa pamakana. Ndiye tikapita ku Chingerezi timayembekeza kuti nakonso liwu lililonse lili ndi gulu lake limodzi lokhazikika, komanso kusukulu anatiloweza kuti noun ndi dzina la munthu, malo kapena chinthu, basi mwana n'kuika table m'gulu la zinthu mpaka kukalamba nazo. Kuloweza kumeneku ndimadandaula nako kwambiri chifukwa kumapangitsa anthu anzeru kukayikira zinthu zimene alemba bwinobwino, ngati mmene zakuchitikirani inumu.

Chingerezi nacho kale chinali ngati chathu pa mbali imeneyi. Zaka 1000 zapitazo chikondi ankati lufu, kukonda ankati lufian, mawu awiri osiyana. M'zaka mazana angapo zotsatira, makamaka pambuyo pa 1066 pamene a Norman olankhula Chifalansa analanda England, timichira takumapeto tija tinapita titha pang'onopang'ono mpaka onse awiri anangotsala love. Timichirato titatha panalibenso choletsa kutenga dzina lililonse n'kuliika pamalo a mneni, ndipo akhala akuchita zimenezi kuyambira pamenepo. Katswiri wina wa zilankhulo, Steven Pinker, anayerekeza kuti mwa aneni asanu alionse a Chingerezi mmodzi anayamba ali dzina. Mpaka lero sizinasiye, Google linali dzina la kampani chabe koma pofika 2006 madikishonale akuluakulu ngati Oxford ndi Merriam-Webster anali atalilemba ngati mneni, ndipo text ndi email tonse taziona zikusanduka aneni maso athu ali gwa.

Ndiye mu Chingerezi musamafunse kuti liwu ili ndi dzina kapena mneni lili lokhalokha, funsani kuti m'chiganizo muno likugwira ntchito yanji. Zili ngati bambo amene pakati pa sabata ndi mphunzitsi, Lamulungu ndi mkulu wa mpingo, munthu ndi yemweyo koma mumadziwa udindo wake poona pamene waima. Liwu likatsogozedwa ndi the, a, my, this, limenelo ndi dzina: "the chair is broken". Likatsogozedwa ndi to, will, can, kapena I, we, they, kapena likalandira -ed ndi -ing, kawirikawiri ndi mneni: "she will chair the meeting". Chiganizo chanu chija chinali ndi "we will" kutsogolo, ndiye table pamenepo sakanakhala china koma mneni. Kamene kamapusitsa ndi ka -s, chifukwa mu "the books are here" kakusonyeza kuchuluka pomwe mu "she books a room" kakusonyeza kuti wochita ndi mmodzi, ndipo mitu ya nkhani m'nyuzipepala imavuta kwambiri poti amachotsamo the ndi a kuti isatalike, nthawi zina umachita kuwerenga kawiri kuti upeze mneni ali pati.

Koma chenjezo limene ndikufuna mulitenge kwambiri ndi loti tanthauzo la mneni silimangotsatira dzina lija mwachindunji. To book si kuwerenga buku, ndi kusungitsa malo. To chair si kukhala pampando chabe, ndi kutsogolera msonkhano. To dust nthawi zambiri ndi kuchotsa fumbi, osati kuthira. To foot kuno ambiri amati ndi kuyenda wapansi, "I footed from town", ndipo pakati pathu timamvana bwinobwino palibe vuto, koma munthu wa ku London amadziwa kwambiri "foot the bill" kutanthauza kulipira, ndiye m'kalata yopita kunja lembani walked. Ndi chifukwa chake mukapeza liwu mu dikishonale musamathere pa tanthauzo loyamba, tsikani mmunsi pamene alemba verb kapena ka v., ndipo madikishonale abwino amasonyezanso kuti ili ndi la ku Britain, ili la ku America. Table mukamuyang'ana choncho matanthauzo awiri otsutsana aja muwapeza ali pompo moyandikana.

Pali mawu ena amene kalembedwe ndi kamodzi koma katchulidwe kamasintha, awa ndi ofunika kwa inu amene mumawerenga maminitsi mokweza pamsonkhano. Record likakhala dzina mphamvu imagwera koyambirira, REcord, likakhala mneni imagwera kumapeto, reCORD. Chimodzimodzi present, export, permit, produce, increase, object. Ife zisativute kumvetsa chifukwa timadziwa kale kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu basi. Si mawu onse amene amatero, report ndi vote ndi table yemweyu sasintha.

Kenako pali kagulu kochepa kamene kalembedwe kamasinthako chilembo chimodzi: advice ndi dzina, advise ndi mneni, ndipo mu kalembedwe ka ku Britain kamene timatsatira kunoku practice ndi licence ndi maina pomwe practise ndi license ndi aneni. Aku America amangolemba practice ndi license ponseponse, ndiye mukaona choncho mu imelo zawo sanalakwitse, ndipo kompyuta yanu ikakhala kuti inaikidwa pa Chingerezi cha ku America izikulemberani mzere wofiira pa zinthu zolondola.

Anzanu aja musawaseke, ngakhale eni chilankhulo amakangana pa nkhani zoterezi, mpaka pano alipo amene amanyansidwa akamva impact ikugwira ntchito ngati mneni, ndipo contact nayo kale ankaikana kuti si mneni woyenera koma lero aliyense amangoti "contact me". Kungoti table sali m'gulu la okayikitsawo, ndi wakale ndipo ndi wovomerezeka m'maofesi ndi m'nyumba za malamulo.

Choti muchite panopa n'chosavuta. Ayankheni aku America aja mwachidule kuti kuno table amatanthauza kubweretsa nkhani kuti ikambidwe, ndipo maganizo awo ali pa ajenda ya msonkhano ukubwerawu. Ulendo wina polembera iwowo ingolembani "we will discuss your proposal" kapena "we will put it on the agenda", awa samveka pawiri kulikonse. M'maminitsi a komiti yanu pitirizani kulemba tabled mmene mumachitira. Ndipo tsiku lina iwowo akadzakulemberani kuti "let's table this for now", musadzakonzekere zokambirana, akutanthauza kuti muisiye kaye.