Tengani Jessie Bernard

Achemwali, pa asayimenti yanu ya jenda ndi banja ija ngati mukufuna katswiri woti mulembe za iye, ine ndingoti tengani Jessie Bernard basi, simudandaula. Anali mayi wachiyuda, anabadwira mu mzinda wa Minneapolis ku America mu 1903, makolo ake anachokera ku Romania, ndipo anamwalira mu 1996. Anaphunzitsa sosholoje, maphunziro a kakhalidwe ka anthu m'magulu, ku yunivesite ya Penn State mpaka 1964 koma chimene chimandikhudza ine nchoti zomenyera ufulu wa amayi anazilowa mwamphamvu atapuma kale ntchito, ali ndi zaka za m'ma 60. Mwamuna wake anamwalira mu 1951, ana atatu anawalera yekha uku akulemba mabuku.

Yambani ndi buku lake la 1972, The Future of Marriage. Mfundo yake ndi yoti m'nyumba imodzi mumakhala mabanja awiri, la bambo ndi la mayi, ndipo lomwe limakoma ndi la bambo, abambo okwatira amakhala athanzi kuposa mbeta zachimuna pomwe amayi okwatiwa ambiri amavutika maganizo. Ine nditawerenga ku koleji ndinangokumbukira azakhali anga akudzuka kukadali mdima kufunditsa madzi, manja ali bii ndi makala, amuna awo akuuza alendo kuti banja lathu ndi lamtendere. Ndinalemba pepala langa mosavuta chifukwa ndinkaona zomwe akunena.

Koma ziwerengero zakezo ndi za ku America kalekale, ndiye musanazigwiritse ntchito pa nkhani za kuno afunseni kaye a lekichala anu. Ndipo ngati kuwerengako kukukumbutsani zowawa za m'banja mwanu, chonde kaonaneni ndi aphungu odziwa za uphungu wa maganizo.